Benchi la Janelle Stuckey

M'khitchini mwa a Dale Hostetler munali kafungo ka khofi ndi mazira okazinga m'mawa umene Paula Stuckey anagogoda kuchitseko chakuseri, atanyamula payi ya maapozi ikadali yofunda. A Hostetler anali ataphunzitsa basiketibolo atsikana a sekondale ya m'tauni yathu ino ya ku Indiana kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo Paula yemweyo anadutsa m'manja mwawo ali mtsikana. Mpaka nthawiyo ankamuitanabe Lantz, dzina la kwawo, ngati kuti sanakwatiwe.

Paula sanazungulire. Mwana wake Janelle, amene anatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sukulu, anali atasankhidwa ndi kalabu ina ya ku Indianapolis, imodzi mwa matimu aja oyendayenda amene amatola ana aluso m'masukulu osiyanasiyana n'kumakapikisana nawo m'mizinda yakutali pa tchuthi chachitali. Kumeneko n'kumene makochi a m'makoleji amakakhala m'mbali mwa bwalo, kusankha ana oti awapatse malo a maphunziro aulere. Chovuta chinali chimodzi. A Hostetler anali ndi lamulo lawo lodziwika ndi tauni yonse: holo yosewereramo ya sukulu imatsegulidwa 6 koloko m'mawa tsiku lililonse la Juni ndi Julayi kuti timu iphunzire, ndipo wojomba amakhala pabenchi mpaka Khirisimasi.

"Lamulo ukulidziwa, Lantz," anatero akudula payi ija. "Iweyo unalisunga zaka zinayi osanyinyirika."

"Ndinalisunga, Kochi, ndipo taonani kumene linandifikitsa. Ndikugulitsa misomali m'sitolo ya apongozi," Paula anayankha akuseka. "Wa koleji uti anabwerapo kuno kudzandiona? Amadziwa n'komwe kuti kuno kuli msewu?"

A Hostetler anati makalabuwo ndi msika chabe: masewero anayi pa tsiku, wophunzitsa palibe, mwana aliyense akusewerera dzina lake. Sikuti ankanama kwenikweni. Paula anawamvera mpaka anamaliza, kenako ananena modekha kuti Janelle apitabe, ndipo ngati Disembala adzam'peze akadali pabenchi, adzasamukira kwa azakhali ake m'boma loyandikana ndi lathu n'kukamalizira sukulu kumeneko, pakuti chaka chomaliza sichibwera kawiri. Mayi Renee Hostetler, amene ankatsuka mbale, anacheukira amuna awo. Bambowo anayamikira payi, koma pa lamulo sanasunthe.

Janelle anapitadi. Chilimwe chonse anachithera m'galimoto ndi m'maholo a ku Louisville, ku Chicago ndi ku Cincinnati, anzake kuno akuthamanga m'mamawa pansi pa wezulo ya a Hostetler. Atabwerera, sanapemphe chifundo. Ankafika pa maphunziro a timu nthawi yake, kutolera mipira, kenako tsiku la masewero n'kuvala yunifolomu yake n'kukakhala kumapeto kwa benchi.

Mu Novembala timu inapambana masewero atatu oyamba, onse ndi masukulu a m'matauni a chimanga ngati yathuyi. Atsikana ankasewera momwe a Hostetler anaphunzitsira amayi awo: kubwerera msanga, kuima m'malo awo pafupi ndi golo, ndi kupatsirana mpira pang'onopang'ono mpaka mpata utapezeka. Kulesitilanti ya pakona, kumene alimi amamwera khofi, anthu ankati mkuluyo waonetsanso kuti timu si munthu mmodzi. A Hostetler ankangogwedeza mutu, koma mayendedwe awo ankaulula kuti mawuwo akuwakomera.

Masewero achinayi anali ndi sukulu ya mumzinda wa Fort Wayne, imene atsikana ake onse anakulira m'makalabu. Amenewo sankadikira pafupi ndi golo lawo. Wathu akangogwira mpira, awiri ankam'tsekereza pomwepo ngati njuchi pa duwa, bwalo lonse, osapuma. Ana athu anali asanaonepo zotere. Mpira unkalandidwa usanafike n'komwe pakati pa bwalo. Pofika nthawi yopuma tinali ndi mapointi asanu ndi anayi, iwo makumi atatu ndi anayi. Anthu anayamba kuitana dzina la Janelle. A Hostetler anatembenuka kamodzi n'kumuyang'ana. Iye anali atawerama, akuuza mnzake wa pambali kanthu kena, chala chikujambula pabondo. Mkuluyo anabweza maso kubwalo. Mawu anali atanenedwa kale, ndipo iwo sanali munthu womeza malovu ake pagulu. Tinagonja ndi mapointi 61 kwa 24.

M'mawa mwake, Loweruka, anakhala m'khitchini khofi akuzizira m'kapu. Disembala anali atalowa, ndipo Paula anali atapempha kale mafomu osamutsira mwana ku ofesi ya sukulu.

"Inu a Dale," anatero mayi Renee, "kaimidwe kaja mumanyadira, munakatola kuti?"

Iwo anati anakaphunzira kwa mkulu wina ku Kentucky.

"Nanga kaponyedwe ka mpira?"

Kameneko kanali ka ku usilikali.

"Ndiye inu munayenda, n'kutola apa n'kutola apo, koma ana a eni aziphunzira kwa inu nokha mpaka kukalamba? Imwani khofiyo, wazizira."

Lolemba masana, atsikana atasonkhana m'holo, anaitana Janelle pambali n'kumufunsa chimene ankajambula pabondo tsiku lija. Mtsikanayo anafotokoza mwamanyazi kuti akakutsekereza awiri, ndiye kuti mnzako mmodzi ali yekha wopanda womutsekereza, ndipo mpira suyenera kudutsa m'mbali mwa bwalo koma pakati, mmodzi ataima pamenepo ngati mtengo. Anati sabata yoyamba ku Louisville nayenso ankalandidwa mpira mpaka kukalirira kuchimbudzi, ndipo anaphunzira chifukwa panalibe pothawira.

A Hostetler anafunsa ngati makochi a kumeneko ndi amene anamuphunzitsa zimenezo.

"Ayi, Kochi, kumeneko saphunzitsa. Amangokuponyani m'madzi," anatero Janelle. "Chimene chinandisunga ndi mapazi. Kochi wina wa koleji anandifunsa kuti anandiphunzitsa kuima ndani, chifukwa ana a masiku ano sadziwa. Ndinam'patsa dzina lanu."

Mkuluyo anakhosomola, n'kuyang'ana kudenga kwa kanthawi ngati akuwerenga magetsi. Kenako anavula wezulo m'khosi mwake, chinthu chimene palibe amene anali atachionapo, n'kumupatsa.

"Uli ndi theka la ola, Stuckey. Awonetse. Ndipo ukatha ubweze, si yako."

Janelle anagawa anzake pawiri, ena otsekereza, ena othawitsa mpira. Poyamba zinali chipwirikiti, atsikana kugundana ndi kuseka, koma lisanathe theka la ola mpira unayamba kudutsa pakati. A Hostetler anaima pambali manja ali m'thumba. Anaonanso zina: mtsikanayo anabwerako ndi chizolowezi chofuna kugoletsa yekha pamene mnzake ali pabwino. Atalandira wezulo yawo, anam'thamangitsa kuzungulira holo kasanu chifukwa cha chizolowezicho, ndipo iye anathamanga akumwetulira.

Pomaliza anawasonkhanitsa onse pakati pa bwalo. Ananena kuti lamulo ndi lamulo, ndipo wojomba amakhala pabenchi mpaka Khirisimasi monga mwa nthawi zonse.

"Koma ndayang'ana pakalendala yanga," anatero nkhope ili gwa, "ndipo chaka chino Khirisimasi ikugwa Lachisanu likudzali. Alipo wotsutsa?"

Wotsutsa panalibe.

Lachisanu limenelo Janelle anayamba nawo masewero, ndipo Paula, amene anakhala pamzere wachitatu pafupi ndi mayi Renee, mafomu aja sanawabwezenso ku ofesi. Timu sinatenge chikho chaka chimenecho. Inapambana masewero khumi ndi asanu n'kugonja asanu ndi awiri, koma palibenso amene anaitsekereza kumbuyo ngati nkhuku m'khola. Janelle anapeza malo pa koleji ina yaing'ono ya ku Ohio, kumene akuphunzira za unamwino.

Chilimwe chotsatira papepala la pachitseko cha holo panalembedwa zatsopano: Juni ndi wa sukulu, 6 koloko m'mawa, osajomba, Julayi aliyense apite kumene angapite, koma pobwera abweretse chimene waphunzira. A Hostetler amanenabe kuti makalabu ndi msika, ndipo akafunsidwa amawonjeza kuti kumsika n'kumenenso munthu amagula zimene kumunda kwake kulibe. Atsikana amapita, ena amabwerako ndi luso, ena ndi matama oti achotsedwe, ndipo mkuluyo amalandira zonse ndi wezulo yake pakamwa, wokhutira ngati mlimi amene mbewu zake zapirira mphepo ya kwina.

Dziwe la kwathu ndi lokoma, ndipo ndi m'menemo mwana amaphunzira kusambira. Koma akuluakulu anaona patali pamene anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.