Chingwe Chomwa Madzi

Panali munthu wina wokonza njinga amene mkazi wake anagonekedwa m'chipatala, m'chipinda choletsedwa kulowamo abale poopa kuti matenda angafalikire. Tsiku lililonse bamboyo ankaima kuseri kwa mpanda, moyang'anana ndi zenera la chipindacho, n'kumaitana kuti, "Nangondo!" Koma mayiyo anali atatembenukira kukhoma. Namwino anati wasiya kudya, ndipo mankhwala opanda chakudya sangamudzutse.

Bamboyo anakumbukira kuti mkazi wake ali bwino, akamachapa, ankakonda kuuzira thovu la sopo pakati pa zala n'kumaseka yekha. Mumtima anati, "Ndimupangira thovu lalikulu, loti alione ali chigonere."

Anasungunula sopo m'beseni. Anadula timitengo tiwiri n'kumangirirako chingwe mozungulira, kuti akachiviika n'kuchitambasula mphepo izipita pakati. Poyamba anasankha chingwe cha nayiloni, poti n'cholimba kuposa zonse. Madzi anangotsetsereka, chingwecho n'kutuluka ngati sichinalowemo. Anayesa cha khonje. Chimenechi chinamwa madzi ndithu, koma timinga take tinkaboola thovu lisanabadwe n'komwe. Anatenga waya wa mabuleki. Wayayo anakana kupindika, thovu linakanirira pomwepo mpaka kuphulika. Luzi analiyesa, mphira wa chubu anamuyesa, osatheka. Anthu odutsa ankangopukusa mitu, amvekere chisoni chamusokoneza mutu.

M'mawa wina m'mwezi wa Juni, kukuzizira kwambiri, mkono wa juzi yake unagwera m'beseni. Juziyo inali ya thonje, yakale, yofewa chifukwa chochapidwachapidwa. Anaona kuti yamwa madzi ambiri, ndipo ikuwatulutsa pang'onopang'ono, osawaumira, osawataya. Analibe juzi ina. Anaivula, n'kumasula ulusi wake, n'kuupota pantchafu mpaka unakhala chingwe.

Anachiviika. Anakweza timitengo tija n'kutitambasula mofatsa.

Mphepo inalowa. Thovu linayamba kufufuma, likutalika, likugwedera ngati chinthu chopuma, mpaka linaposa ng'ombe kukula kwake. Bamboyo atabweza timitengoto pamodzi, linaduka lokha n'kunyamuka. Pakhungu pake panayenda mitundu imene iye sankaidziwa mayina. Mitengo, denga la chipatala ndi thambo lonse zinaoneka m'menemo, iyenso anadziona ali kamunthu kakang'ono, kopanda malaya. Amayi ogulitsa nthochi pageti anasiya kuitanira malonda. Mlonda anavula chipewa.

Thovulo linadumpha mpanda n'kukaima pazenera.

"Mayi, tatembenukani muone," anatero namwino chapansipansi.

Nangondo anatembenuka. Kuwala kofiirira ndi kobiriwira kunayenda pankhope yake yowondayo. Analiyang'ana thovulo osaphethira mpaka linazimirira mwakachetechete, n'kungosiya timadontho pagalasi. Kenako maso ake anapitirira n'kuona mwamuna wake ataima pachisanu chija.

Nangondo anayang'ana namwino. Ndiye anati, "Kawauzeni bambo akunyumbawo apangenso lina. Koma ayambe afunda kaye." Namwino asanafike pakhomo, mayiyo anafunsa ngati phala limene analikana lija linalipobe.

Inu amene mukumva, mudzaimapo tsiku lina kuseri kwa mpanda wa munthu amene watembenukira kukhoma. Mudzafuna kumutengera mawu anu olimba ndi malangizo anu akuthwa, poganiza kuti cholimba ndicho chimanyamula zazikulu. Koma mtima wosamwa misozi ya mnzake ulibe chimene ungamupatse. Pitani ofewa. Mverani mpaka munyowe, ndipo chimene mwamwacho muchitulutse pang'onopang'ono, ngakhale zitafuna kuti mumasule chimene chimakufunditsani.