Zidindo za a Haji Ramzan

Tsiku lina titangomaliza swala ya Asr, pemphero la chakumadzulo, a Haji Ramzan anatulukira atasenza thumba. Nthawi imeneyo n'kuti ndikuphunzira chipembedzo kwa Shehe Dawud, m'tauni ina yaing'ono ya ku Kutch, ku India. A Haji anali katswiri wodinda nsalu m'dera lonselo. Salamu anapereka yapakamwa chabe, kenaka anakhuthulira thumba lija pamkeka. Munali zidindo zamatabwa, zosemedwa timaluwa ndi tinyenyezi, zina zakuda bii ndi ukalamba.

"Shehe, ndikufuna mukhale mboni," anatero. "Zidindo izi ndizitentha lero. Ndipo Lachisanu mulengeze mumzikiti kuti Idris si mwana wanganso."

"Khalani pansi, a Haji. Walakwanji Idris?"

Iwo sanakhale. "Wanyoza manda a makolo anga! Chikwatirireni mkazi wa ku Rajasthan uja, wayamba kudinda nsalu ndi matope, monga achitira kwawo kwa mkaziyo. Matope, Shehe! Zidindo zimene anasema agogo anga, iye akuziviika m'dothi n'kuwaza utuchi pamwamba. Anthu akundiseka mumsika."

Shehe anatola chidindo chimodzi n'kuchiyang'anitsitsa. "Ine za nsalu sindidziwa, ndimangovala. Ndiphunzitseni. Inu mumadinda bwanji?"

A Haji anafotokoza mokalipa, ngati kuti Shehe ndiwo olakwa. Anati nsalu amayamba aichapa mpaka ifewe. Akatero amadinda laimu wosakaniza ndi utomoni pamalo pamene sakufuna kuti utoto ulowe, n'kuiviika mu utoto wabuluu wochokera ku masamba. Wofiira umachokera ku mizu, wakuda ku zitsulo zadzimbiri. Amachapa, kuyanika, kudindanso, mbali zonse ziwiri, mpaka maluwa a kuno agwirizane ndendende ndi a kuseri.

"Milungu iwiri nsalu imodzi! Ine ndakalambira pamenepa, msana unapindika. Ndiye mwana wobala ndekha azipaka matope ngati akuzira nyumba?"

"Ntchito yanu ndi yaikulu, Allah akudalitseni nayo," anatero Shehe. "Ndiloleni ndifunse pang'ono. Kodi Idris akamagulitsa nsalu zakezo, amanama kuti mwadinda ndinu?"

"Ayi. Amanena poyera kuti ndi za matope. Alibe n'manyazi omwe."

"Utoto wake umasuluka?"

A Haji anazengereza. "Susuluka."

"Zidindo anakuberani?"

"Ndinam'patsa ndekha tsiku la ukwati wake. Lero ndakazilanda."

"Swala anasiya? Kapena anakutukwanani?"

"Ndikalankhula amangowerama. N'zimene zimandipsetsa mtima kwambiri!" Apa anamenya chidindo ndi phazi, chinakagunda khoma. "Shehe, musandizungulire. Inu mwawerenga mabuku onse. Nenani kuti zimene akuchitazi ndi haramu, zoletsedwa ndi Allah!"

Shehe anadzuka pang'onopang'ono, pakuti anali ndi vuto la mawondo, anakatola chidindo chija n'kuchipukuta ndi mkono wa mkanjo wawo. Anachiika m'manja mwa a Haji, ndipo anayankha osakweza mawu.

"Mabuku onse sindinawerenge, a Haji. Koma mwa amene ndawerenga, sindinapezemo pamene Allah analamula kuti nsalu idindidwe ndi laimu osati matope. Chimene ndapezamo, mobwerezabwereza, ndi chilango cha munthu wodula chibale. Mwabwera kudzandipempha kuti chololedwa ndichitche haramu, kuti inu mukachite haramu yeniyeni mtima uli m'malo. Zimenezo sindingachite, ngakhale mutandikwiyira mpaka imfa. Zidindozi ndi zanu. Mukafuna kutentha, machesi ali pawindopo, sindikuletsani. Koma Idris ndi mwana amene Allah anakusungitsani, ndipo tsiku lachiweruzo sadzakufunsani kuti mwanayo ankadinda ndi chiyani. Adzakufunsani kuti munam'siya kuti."