Galu wa Tiyamike

Greyson ankakonza njinga zamoto pa Boma la Mchinji, ndipo ankafuna kuti anthu aziyankhula ngati masipanala ake. Sipanala ya teni ndi ya teni, siyerekeza kukhala ya thwelofu. Munthu akayamba kuzungulira ndi miyambi, iye ankamudula: "Lunjikani, akulu. Mukufuna kunena chiyani?" Khalidweli linkamuthandiza pa ntchito. Kulakwa kwake n'kwakuti analowa nalo m'nyumba.

Mkazi wake, Tiyamike, mayi wa mwana wawo Chisomo, anali wa ku Kapondo. Greyson anamutenga chitengwa n'kupita naye kumudzi kwawo kwa Zulu, atalonjeza pamaso pa ankhoswe kuti kumeneko akakhala mwini khomo. Zinayenda choncho mpaka pamene Luwiza, mchemwali wake wa Greyson, anabwerako ku Chipata ndi ana ake ukwati wake utatha. Greyson anamupatsa chipinda chosungiramo chimanga ndi mtedza kuti ayambe wagonamo. Sabata isanathe, Luwiza anagula loko. Kiyi ankamumangirira kunsonga ya chitenje chake.

Kuyambira pamenepo Tiyamike ankapempha ufa m'nyumba yake yomwe. Mtedza woti analima yekha, kukumba yekha, kuthothola yekha, ankachita kumuyezera m'kambale.

"Wadzulo uja watha kale, alamu?" Luwiza ankatero akumasula kiyi pang'onopang'ono. "Kodi kwanu ku Kapondo muli ndi mimba kapena zigayo?"

Mkazi wa chitengwa saneneza mlamu wake kwa mwamuna. Akatero amati wabwera kudzadanitsa anthu pachibale, ndipo mbiriyo imakafika kwawo iye asanafike. Choncho Tiyamike anachita zomwe amayi a kuno amachita pakamwa pakamangidwa. Anapempha kagalu kofiirira kwa aneba, n'kukatcha Mudzamva.

Madzulo, Greyson akamaimika njinga pakhonde, Tiyamike ankaima pakati pa bwalo ndi poto wa makoko, n'kuitana mokweza ngakhale galuyo ali kumapazi kwake.

"Mudzamva! Iwe Mudzamva! Bwera udye zotsala, poti pano alendo tonse timadya zotsala!"

Amayi a nyumba zoyandikana ankaleka kupeta n'kuyang'anizana. Luwiza ankamenyetsa chitseko. Greyson ankawerama n'kusisita galuyo pamutu. "Dzina labwino," ankatero. "Galu azimva ndithu."

Tsiku lina atsibweni ake a Greyson, a Benedicto, amene analinso nkhoswe ya banjali, anakamupeza pa Boma akumasula injini. Anakhala pa tayala lakutha, nadikira kuti kasitomala achoke.

"Mphwanga, kunyumba kwako kukufuka utsi."

"Ndikudziwa kuti simukunena za moto, atsibweni. Nenani chimene mwabwerera."

"Galu uja, dzina lake walimva bwinobwino?"

Greyson anaseka, napukuta manja. "Ndiye ndiziyendetsa banja pomvera maina a agalu? Ine ndinakwatira munthu woti pakamwa ali napo. Ngati ali ndi nkhani andiuze. Zining'a zanuzi n'zimene zimatichedwetsa."

"Pali zina zimene mkazi wa chitengwa sanganene ndi pakamwa pake, mwana iwe."

"Chosanenedwa ndiye kuti palibe."

A Benedicto anavala chipewa chawo. "Ine ndakutsina khutu," anatero, nanyamuka.

Greyson anafuna kuonetsa kuti njira yake ndi yachidule. Madzulo omwewo, onse ali pa mphasa akudya, Luwiza ali pomwepo akutafuna, anafunsa: "Amake Chisomo, ndikumva kuti muli ndi vuto. Lilipo vuto?"

Tiyamike anayang'ana kiyi amene ankalendewera pa chitenje cha mlamu wake. Kenako anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, osaphethira.

"Palibe," anatero.

"Mwamva, achemwali? Akuti palibe." Greyson anapitiriza kudya, mtima uli m'malo.

Mvula itayandikira, amayi onse a m'mudzimo anali kalikiliki kusenda mtedza wa mbewu. Tiyamike sanapemphe ngakhale kambale kamodzi. Akamapita kukaona amayi ake ku Kapondo ankanyamula poto, ulendo wina lichero, ulendo wina nkhuku yake ndi anapiye omwe. Greyson anaona kuti kukhitchini kukuyera, nafunsa. Atayankhidwa kuti ziwiyazo zili kwa agogo ake a Chisomo, anagwedeza mutu. Anali atafunsa, ndipo anali atayankhidwa.

Tiyamike sanachoke mozemba. Anadikira dzuwa litakwera, anthu ali m'makomo, nabereka Chisomo, nasenza chikwama, nadutsa pakati pa mudzi akupereka moni kwa aliyense.

Nkhani inakakambidwa ku Kapondo, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya amayi ake a Tiyamike. Greyson analankhula ngati munthu woti mlandu wapambana kale.

"Sanandiuzepo kanthu. Ndinamufunsa ndekha, mboni ilipo, ndipo anati palibe. Tsono ine ndikanalota?"

Ankhoswe anatembenukira kwa Tiyamike. Iye sanaweramitse mutu.

"Lero ndili kwathu, abambo ake a Chisomo, ndiye ndilunjika monga mumafunira. Mtedza ndinalima ine, kiyi ali pa chitenje cha achemwali anu. Ufa ndinkachita kupempha ngati waganyu. Munandifunsa eni ake ali pomwepo, mkamwa muli chakudya changa. Munkati ndiyankhe chiyani? Mudzi wonse unamva. Atsibweni anu anamva. Alamu anga omwe anamva, n'chifukwa chake chitseko chija chinaguluka mahinjesi. Wotsala munali inu nokha, woti ndimagona nanu nyumba imodzi."

"Bwenzi mutangonena..."

"Ndinanena madzulo aliwonse, mpaka mawu kusasa. Kwa Zulu sindibwererako. Mukandifuna, bwerani mudzakhale chikamwini kuno, mudzalawe mmene ufa wopempha umakomera."

Greyson anayang'ana a Benedicto, koma iwo ankangoyang'ana chipewa chawo. Posowa chogwira, anafunsa chinthu chokha chimene chinamubwerera: "Nanga galu wanu uja?"

"Ndakusiyirani. Muzimuitana."

Atabwerera kwa Zulu, Greyson analanda kiyi kwa Luwiza, nazula loko, natumiza uthenga ku Kapondo kuti chipinda chili pululu. Yankho linabwera lolunjika ndithu, monga ankakondera: Tiyamike wadzala kale mtedza m'munda wa amayi ake, ndipo wamera bwino.

Greyson anayesa kumusintha dzina galu uja. Anamutcha Buluno, koma galuyo ankangomuyang'ana, mutu uli pa miyendo. Anayesa likhweru, anayesa kugogoda mbale, osatheka. Pomaliza, kuti chiweto chisafe ndi njala, anaima pakati pa bwalo ndi poto wa makoko, pamalo pomwe ankaima mkazi wake, naitana motsitsa. Galuyo anali kuseri, sanamve. Anachita kukweza mawu.

"Mudzamva! Mudzamva!"

Kuseri kwa mpanda mayi wina anayankha akupeta: "Ife tinamva kalekale, a Greyson!"

Wothyola nkhwani sauza mbozi kuti choka pamenepo. Amangogwedeza tsamba, ndipo yanzeru imagwa yokha. Imene imadikira kuuzidwa ndi pakamwa ndi ija akuluakulu amainena kuti chosamva adachiphikira m'masamba.