Fatoki Ameta Mthenga wa ku Oyo

Kalelo, asilikali okwera mahatchi a ufumu wa Oyo atagonjetsa midzi yonse yozungulira, amithenga a mfumu ankadziwika ndi mutu wometedwa mbali imodzi. Mmodzi wa iwo anafika kwa Fatoki, wometa anthu, nati, "Mawa ana ako ndikuwatenga, azikamweta udzu wa mahatchi."

Fatoki anagwada. "Ndamva, bwana. Koma ulendowu wakumeretsani tsitsi. Mukaonekera kwa mfumu chonchi?"

Mthenga anakhala pansi natsinzina. Lumo linayenda mokoma mpaka mutu wonse unasanduka mpala.

Kutacha mthenga uja anabwera kudzatenga anawo. Fatoki anamuzungulira, kumuyang'ana uku ndi uku, naitana anansi.

"Abale, ampalawa mukuwadziwa? Akuti atumidwa ndi mfumu."

"Wandimeta ndiwe!" anakuwa mthenga.

"Ine ndimameta ambiri, achimwene. Dikirani tsitsi limere, tidzaone."