Mowa wa pa Chiliza cha a Davison

Masiku amenewo, ukafunsa kuti masese abwino ali kuti m'dera lonse la Santhe, ngakhale wosamwa ankakulozera kwa mayi Lefina. Mowa wawo unkachititsa munthu kuiwala pamene watsamiritsa njinga. Amuna awo, a Davison, ndiwo ankawatungira madzi pachitsime cha kudambo, zigubu ziwiri pakaliyala. Mowa ukapsa ankakhala m'chigafa cha fodya ndi anzawo, n'kuimba mpaka mawu kusasa. Anali masiku okoma amenewo.

A Davison anamwalirira kuchipatala atadwala nthawi yaitali. Zaka zinapita manda awo ali mulu wa dothi chabe, pakuti m'nkhokwe munalibe chotsala. Koma chaka chimene mayi Lefina analandira kuponi ya feteleza wotsika mtengo, chimanga chinachita bwino. Anaganiza zomanga chiliza ndi kufulula mowa, kuti anzawo a malemu adzakhalenso m'chigafa muja, aimbe nyimbo zija kamodzi kokha. Mtima wawo wonse unali pamenepo.

Tsono chaka chomwecho pamsika panafika mpope. Madzi ake anali oyera, apafupi, osafuna njinga. Mayi Lefina, amene miyendo inali itayamba kale kuwavuta, anati dambo litsale.

Popita kukatunga ankadutsa pakhomo pa Feliya, mwana wa mng'ono wawo, amene anamuphunzitsa okha kufulula. Pabwalo pake panali mabeseni a madzi osavundikira, ali padzuwa, ndi kamphika kakang'ono pambali. Anadabwa nazo. Funso linafika pakamwa, koma analimeza. Iwo, Lefina, kukafunsa za mowa kwa mwana amene anamubereka kumsana?

"Mwayamba kale zofulula, amayi?" anafunsa Feliya.

"Ndayamba. Iwe uzingoyanika madzi akowo ngati fodya," anayankha akuseka, n'kumapita.

Anaphika phala m'migolo. Litazizira anathira chimera chawo chonse cha mawere, n'kusungunula ndi madzi ongochoka kumpope. Mowa unawira ndithu. Posefa anamva kafungo kachilendo, koma anadziuza kuti katha kokha.

Tsiku la mwambo, mapemphero atatha kumanda, anthu anabwerera kumudzi. Anzawo a malemu anafika panjinga kuchokera ku Chulu ndi ku Lisasadzi, mitu ili mbuu ndi imvi, n'kukhala m'chigafa momwe muja. Chipanda choyamba chinapita kwa a Mphepo, bwenzi la pamtima la a Davison, amene kale ankayambitsa nyimbo. Anamwa pang'ono, n'kupatsira mnzawo. Chipanda chinazungulira chigafa chonse n'kubwerera mowa usanafike n'pakati pomwe, zimene sizinachitikepo pakhomo pamenepo.

"Alamu," anatero a Mphepo motsitsa mawu, "musandimvere molakwa. Mowawu ukununkha kuchipatala."

Mayi Lefina analawa. Zinali zoona. Linali fungo lenileni la m'chipinda chija chimene ankagona pansi, pambali pa bedi la amuna awo, m'masiku otsiriza. Anakhala pansi chipanda chili m'manja, misozi ili chuchuchu. Anafuna kukumbutsa anthu za kuseka kwa a Davison, koma anawakumbutsa za kudwala kwawo.

Alendo anadya, anathokoza mwaulemu, n'kukwera njinga zawo dzuwa likanali pamwamba. Palibe anaimba.

M'mawa mwake Feliya anabwera kudzawathandiza kukhuthula migolo kudzala.

"Madzi a mpopewa amathiramo mankhwala ophera tizilombo, amayi," anatero. "Kumwa ndi abwino, koma ukawathira m'mowa osaphitsa, amauwononga. Ine ndimayamba ndawasiya padzuwa kuti fungo lichoke, kenako ndimafulula kaye m'kamphika kaja, ndilawe. Ndinkaganiza kuti mukudziwa."

"Ndinawaona mabeseniwo, mwanawe," anayankha mayi Lefina. "Ndinawaona ndi maso angawa."

Chimera chinali chitatha. Anati adzafululanso akakolola, adzawaitanenso onse. Koma mvula isanathe a Mphepo nawo anatsikira kuli chete, ndipo otsalawo ankangokumbukira poyankhira nyimbo, poyambira ayi.

Mayi Lefina anaphunzira kuyanika madzi ngati fodya, ndipo mowa wawo unakomanso. Koma nyimbo za a Davison sizinamvekenso m'chigafa muja. Funso la mawu awiri likanazipulumutsa. Akale sananame: safunsa anadya phula.