Lole ya Bambo Ake a Mansu

Kwathu ku Jeongseon, munthu akafuna makaniko wodziwa ntchito ankapita kwa Tak Mansu, koma ankapita atakonzeka kumeza mawu ake. Galaja yake inali kuseri kwa msika, moyang'anana ndi amayi ogulitsa chimanga chophika. Luso analitu nalo, pamenepo sitingamumane: galimoto ikangotsokomola pachipata, iye anali atadziwa kale matenda ake. Chomwe chinamuvuta chinali makutu. Ukayamba kumufotokozera, usanafike n'komwe pakati, iye wakweza chikhatho chakuda bii ndi oilo n'kuti, "Ndadziwa kale." Mkazi wake Sunrye ankauza anzake kuti zaka makumi awiri ali pabanja, sanamalizepo nkhani ngakhale imodzi.

Bambo ake, a Tak Gilnam, anali pafupi kukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Paunyamata wawo ankatuta mitengo m'mapiri ndi imodzi mwa malole aja asilikali anasiya nkhondo itatha. Chaka chomaliza chodula mitengo injini inafera m'phiri, mwini wake n'kungoisiya komweko. Tsopano nkhalamba ija miyendo inali itafooka, mtima ukuvutavuta, ndipo dokotala anali atawaletsa ngakhale kukwera kamtunda ka kuseri kwa nyumba. Ankangokhala pampando pafupi ndi chipata, ndipo akalawa kambale ka mowa wa mpunga, nkhani inali imodzi yomweyo: akanangogwira chiwongolero chija kamodzi kokha, akanafa mtima uli m'malo.

Tsiku lina mu Seputembala, Mansu anakwera m'phiri kukazula bowa wa m'mitengo ya paini. M'chigwa china chomwe anthu anasiya kale kufikako anaona chimulu cha ziyangoyango chokhala ndi ngodya. Atazikankha anapeza chitsulo. Inali lole, matayala ataphwa, kamtengo katamera pamalo oika katundu. Anapala chitseko ndi mpeni, n'kuona nyenyezi yoyera yofufutika, ndipo m'munsi mwake munali dzina la bambo ake lozokotedwa ndi msomali. Munthu wamkulu wandevu analira ngati mwana. Analumbira pomwepo kuti tsiku la phwando lokumbukira kubadwa kwa bambo ake, mu Julayi, loleyo idzaima pachipata ikulira. Anaganizanso zowabisira mpaka tsikulo.

Yekhayo amene anamuuza, kupatula mkazi wake, anali a Bong Chilsung, mnzawo wa bambo ake, amene ankakweza mitengo pa lole yomweyo. Nkhalambayi inasangalala mpaka kugwetsa ndodo. Kenako inayamba kumulangiza kuti adikire Disembala, nthaka ikauma gwa ndi chisanu, abwereke mathalakitala awiri, aikoke loleyo mpaka ku galaja, ndipo akaikonzere kumeneko. Inangotchula Dambo la Ng'ombe, kachidikha ka udzu komwe njira yakale imadutsa, chikhatho chija n'kukwera.

"Ndadziwa kale, amalume. Koma lole ya bambo anga siingalowe m'mudzi mochita kukokedwa ngati galu wakufa. Idzatsika ndi mapazi ake."

Chisanu chitafika, Mansu anamanga chisakasa cha pulasitiki pamwamba pa loleyo, ngati zija amadzalamo tsabola, n'kuikamo mbaula. Kagalimoto kake kankakwera ndi zida m'mawa, kudutsa pa dambo lija louma ngati mwala poti madzi ake anali ataundana, n'kutsika madzulo. Ntchito anaigwiratu, tisanamizane. Mapistoni anali atakakamira ndi dzimbiri, iye anawaviika m'mafuta milungu itatu mpaka anagonja. M'mpando anatulutsamo zisa za mbewa zodzaza thumba. Anayenda mpaka kumzinda wakutali wa Busan kukasakasaka matayala khumi a mtundu wakalewo, ndipo chitsulo chikasowa ankachisula yekha. Makasitomala a ku galaja ankangopeza chitseko chotseka n'kubwerera akung'ung'udza.

Kumapeto kwa Febuluwale a Bong anakwera phiri lija ndi ndodo yawo, maola awiri athunthu, mpweya uli wefuwefu. Sanakhale pansi. Anamuuza kuti kwatsala milungu iwiri yokha, poti pansi pa dambo madzi oundana aja anali atayamba kale kusungunuka n'kumalira. Mansu anali pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka. Anayankha ali momwemo kuti padambopo wadutsapo maulendo oposa zana, ndipo loleyo imakoka ndi matayala onse, inawoloka mitsinje zipolopolo zikuuluka, ndiye kaudzu ka padambo kangaichite chiyani?

"Iwe Mansu, bambo ako ankatuta mitengo m'chisanu mokha. Unawafunsapo chifukwa chake?"

"Ndadziwa kale, amalume. Tandipatsirani sipanala yaing'onoyo."

Akanadziwa! Dambo la Ng'ombe silinachite kupatsidwa dzina mwachibwana: linameza ng'ombe ndi ngolo yake yomwe. Pamwamba pake ndi mphasa ya udzu yolukana bwino, munthu amayendapo, njinga yamoto imadutsa osamva kanthu, koma pansi pake ndi phala lokhalokha. Odula mitengo akale sanavutike n'kumangapo msewu. Chisanu ndicho chinkawamangira chaka ndi chaka, ndipo chikachoka, msewu unkapita nacho. A Bong anamupatsira sipanala ija n'kutsika phiri akupukusa mutu. Anaganiza zokaulula kwa mnzawo Gilnam, koma anali atalonjeza kusunga chinsinsi, ndipo anthu a msinkhu wawo lonjezo saliphwanya.

Injini inalira mu Meyi, nkhwali zonse za m'chigwa n'kubalalika. Nthawi imeneyo Mansu anali atayamba kukwera phiri panjinga yamoto, ndipo dambo linkamulandira bwinobwino. Anapaka penti yobiriwira, n'kujambulanso nyenyezi ija, koma dzina la bambo ake analisiya mmene linalili. Mvula ya chaka inayamba kumapeto kwa Juni. Sunrye anayesa kunenapo kena kake za mvulayo, koma inu mukudziwa kale kumene mawu ake anathera.

M'mawa wa tsiku la phwando kunacha bwino. Mansu anachita mwambo wonse wa galimoto yatsopano, osadumpha kanthu: anaika mutu wa nkhumba kutsogolo kwa lole, anagwada katatu, anathira mowa wa mpunga pa tayala lililonse, ndipo anamangirira nsomba youma pa chiwongolero ndi ulusi woyera. Mizimu ya m'phiri anaipempha mwaulemu, chonsecho munthu wamoyo wodziwa njira anali atamutseka pakamwa. Atakwera, analiza hutala katatu.

Kumudzi, a Gilnam anali pampando wawo atavala zovala zatsopano, abale atadzaza bwalo, msuzi wa ndere za m'nyanja ukununkhira. Kulira kwa hutala kuja kutatsika m'chigwa, nkhalamba inasiya supuni. Inaimirira yokha, popanda woigwira, zomwe sizinaoneke chaka chonse.

"Imeneyo ndi yanga," inatero. "Ndaimva mawu."

Sunrye sanathenso kubisa. Anawauza zonse, ndipo a Gilnam anakana kukhala pansi. Anagwira chipata, maso ali kunjira ya kuphiri. A Bong okha ndiwo anawerama n'kumayang'ana m'kambale kawo.

Lole inalowa pa Dambo la Ng'ombe mwamatama. Inayenda mapazi makumi atatu, mphasa ya udzu n'kung'ambika. Mansu anaponda moto, matayala onse khumi anazungulira, ndipo akazungulira ndiye kuti akudzikumbira manda. Pomwe anazimitsa injini, matope anali atafika pachopondera cha pachitseko.

Anafika kumudzi dzuwa lili paliwombo, wapansi, matope mpaka m'chiuno. Bambo ake anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Wadzera pa Dambo la Ng'ombe? Mwezi uno? Kodi Chilsung sanakuuze?"

Mansu anatsegula pakamwa, koma mawu ake a masiku onse aja anakana kutuluka. "Anandiuza, bambo. Kawiri konse."

A Gilnam sanamukalipire, ndipo zimenezo ndizo zinamuwawa kwambiri. Anangobwerera pampando pang'onopang'ono n'kunena kuti asavutike n'kutumizako thalakitala, chifukwa nayonso ikatsalira komweko. Loleyo idzatuluka nthaka ikadzagwira, ndipo iwo aidikira. Mansu anadzipereka kuti awabereke kumsana mpaka kudambo, koma dokotala atamva anakaniratu, nati mtima umenewo sungafike ngakhale theka la njira.

M'mawa mwake Mansu anapita kwa a Bong, anavula chipewa, nagwada pakhonde. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wake anafunsa munthu chochita, ndipo anamvetsera mpaka mawu omaliza. Nkhalamba inamuphunzitsa za akale: kuyala mitengo mopingasa, kunyamula lole ndi jeke pang'onopang'ono, tayala limodzi lero lina mawa, mpaka itakhala pamwamba pa mitengo, chisanu chikadzabwera chisadzaimangire m'matope. Anagwira ntchitoyo miyezi itatu. Madzulo aliwonse ankauza bambo ake pomwe wafika, ndipo iwo ankamufunsa ngati m'mawa udzu wayamba kuyera ndi chisanu.

Chaka chimenecho chisanu chinachedwa. A Gilnam anamwalira pakati pa Novembala, amayi a m'mudzi akuthira mchere kabichi wopangira kimchi, ndiwo yathu yowawasa ya chaka chonse. Patangopita milungu itatu nthaka inauma gwa. Mansu analiza injini, a Bong ali pambali pake, ndipo lole inachoka pamitengo paja n'kudutsa dambo lonse ngati pamsewu wa tala. Ulendo wonse mpaka kumudzi sunathe ngakhale ola limodzi.

Anaiimitsa pachipata, ikulira bwino lomwe, monga analumbirira. Mpando uja unali pomwepo, poti Sunrye anali asanalimbe mtima kuuchotsa. Mansu anakhala m'lolemo nthawi yaitali, manja ali pa chiwongolero, misozi ikudonthera pa nsomba youma ija. A Bong sananene kanthu, ngakhale kuti tsopano akanatha kulankhula mpaka dzuwa kulowa popanda wowadula.

Loleyo ilipo mpaka lero kuseri kwa msika, yonyezimira, ndipo alendo amaijambula. Mwini wake masiku ano amakulola kumaliza nkhani yako, mwina n'kukufunsanso ngati pali china chomwe watsala nacho. Anaphunzira, koma mtengo wake unali wowawa, pakuti zoona ndithu: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.