Tsiku Limene a Nguluwe Anadya Zimene Ankatama

Kalekale, nyama zikadali ndi msika wawowawo pansi pa mtengo wa kachere, kunali Sakhwi. Tili tonse kodi? Inu ana, sendererani kuno, utsi ukupita uko. Nanunso akuluakulu tcherani khutu, poti nkhaniyi ndi yanu, inu amene mumagula chinthu chifukwa wina wanena kuti n'chabwino.

Sakhwi mukumudziwa, kanyama kakang'ono ngati mbewa, kamphuno kosongoka, kothamanga ngati kaiwala ndiwo pamoto. Sakhwi ameneyu anakonda mtsikana, dzina lake Nachisale. Anamukonda zedi, moti akamuona akuchokera kumadzi, mphuno yake inkanjenjemera yokha. Nachisale nayenso anali atalola. Chotsala chinali chinkhoswe basi.

Koma Nachisale analeredwa ndi azakhali ake, a Nungu, mayi aminga kumsana ndi pakamwa pomwe. Iwo ankati, "Mkamwini timamuonera pa mtolo umene wabwera nawo. Wogula zowola adzamanganso nyumba yodontha." Anyamata awiri anali atabwezedwa kale. Woyamba anabweretsa chitenje chimene chinasuluka tsiku lomwelo. Wachiwiri anabweretsa mtondo umene unang'ambika pa munsi woyamba. Onse awiri anathawa katundu wawo akuwatsata m'mbuyo, ndipo a Nungu sankapatsa munthu mwayi kawiri.

Chuma chonse cha Sakhwi chinali dengu limodzi la inswa zouma, zimene anatola dzinja lonse. Pamsikapo ankasinthana zinthu. Dengulo likanathera pa zachabechabe, Nachisale ndiye kuti wapita.

Tsono pamsikapo panali a Nguluwe. Sankagulitsa kanthu, sankagula kanthu. Ntchito yawo inali kulangiza, ngakhale palibe amene anawalemba ntchitoyo. Ankangoyenda, mimba patsogolo, akufuula kuti, "Chimene ndatama, gulani! Chimene ndanyoza, chisiyeni!" Nyama zinkamvera. Mawu anali aakulu, thupi linali lalikulu, ndiye zinkayesa kuti nzerunso n'zazikulu. Anyamata awiri obwezedwa aja anagula momvera iwowa.

Sakhwi anafika, nanjuta pansi, naomba m'manja.

"Achikulire, ndili ndi chinkhoswe Loweruka. Ndigule chiyani?"

"Iwe kamphuno, ukufuna kukwatira? Ha! Uli ndi chiyani m'dengumo?"

"Inswa, achikulire."

"Bweretsa ndilawe. Kulangiza kumafuna mphamvu."

Anangoti phwamu! Kulawa kumodzi kokhako, dengu linatsika mpaka pakati. Sakhwi mtima unamuwawa.

Anayamba kuzungulira msika. Anafika pa mayi Mfuko, ogulitsa mbatata ndi thobwa. A Nguluwe ananunkhiza, fwe, fwe, fwe.

"Mbatata zamadzi izi. Thobwa lake ngati zotsukira m'mbale. Chimene ndanyoza, chisiye!"

Koma poti Sakhwi ndi wamfupi, ankaona zinthu zimene nyama zazitali sizinkaona. Dovu la a Nguluwe linkamugwera pamutu, tho, tho, tho. Kamchira kawo kankangoti pikupiku.

Anafika pa a Kangaude, oluka zitenje.

"Nsalu yosawala iyi, ya pamaliro. Chimene ndanyoza, chisiye!" Akunena choncho, n'kuti akuisisita ndi tsaya, maso atatsinzina.

Anafika pa a Gogomole, osema mitondo.

"Wolemera uwu. Ukufuna mkazi athyoke msana?"

Anafika pa a Nkhululu, oimba kaligo.

"Phokoso ili. Chimene ndanyoza, chisiye!" Koma chiboda chawo chinkaponda pansi motsata nyimbo, di, di, di.

Kenaka anafika pa a Nyani, ndipo apa pakamwa pa a Nguluwe panatseguka ngati chitseko cha nkhokwe.

"Ona chinangwa! Ona chitenje, chofiira psuu! Ona mpando wopakapaka! Woimba usavutike, tenga a Khwangwala awa, mawu awo amamveka tsidya lina la mtsinje. Chimene ndatama, gula!"

Sakhwi anayang'ana m'mwamba. Dovu panalibe. Anayang'ana kumchira. Mchira unali lende. Munthu wolawa chilichonse uja chinangwacho sanachikhudze n'komwe. Ndipo pochoka, a Nyani anakankhira a Nguluwe mtolo wa chimanga kuseri kwa benchi.

"Ndikaganize kaye, achikulire," anatero Sakhwi.

Sanapite kwawo. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anabisala m'chiputu mpaka msika utayamba kubalalika. Posakhalitsa a Nguluwe anatulukira pa mayi Mfuko, amene mbatata zawo zinali zikadali mulu womwe uja.

"Pepani mayi, sizinagulidwenso? Musavutike kuzisenza. Ndikuthandizeni kutaya."

Khwachu, khwachu, khwachu, mulu wonse phyiti. Thobwa nalo gudyu, gudyu. Mayi Mfuko anangonyamula dengu lopanda kanthu, misozi ili mbwembwembwe. Ine zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Munthu wakumba yekha, wasenza yekha, wina adye ndi pakamwa pokha!

M'mawa mwake Sakhwi analawirira mame asanakamuke, poti a Nguluwe ankadzuka dzuwa litakwera. Ulendo uno sanafunse munthu. Mbatata ya mayi Mfuko anaithyola pakati, naona kuti ndi youma bwino, yaufa. Thobwa analawa, linali la mawere, lotsekemera lokha popanda shuga. Chitenje cha a Kangaude ananyowetsa pangodya ndi malovu, natikita ndi chala, chala chinatuluka choyera. Mtondo wa a Gogomole anaugogoda, unayankha kuti ngo, ngo, osati pho, pho. A Nkhululu anangokhudza kaligo wawo pang'ono, miyendo ya Sakhwi inayamba kuvina osamupempha. Ana inu, zimenezi sungani, mudzazifuna tsiku lina.

Inswa zinali zochepa, koma amalondawo anali atatopa n'kunyozedwa. Atamva zimene Sakhwi anawanong'oneza, anamupatsa katunduyo ndi basela pamwamba, nalonjeza kuti Loweruka abwera.

Dzuwa litakwera, a Nguluwe ali pomwepo, Sakhwi anapita kwa a Nyani ndi inswa zotsala. Anatenga chinangwa, chitenje chofiira ndi mpando wopakapaka, naitananso a Khwangwala kuti adzaimbe.

"Achikulire," anatero, "popanda inu ndikanatayika. Loweruka mudzakhale mlendo wathu wolemekezeka. Zabwino zonse zidzayambira kwa inu."

A Nguluwe anaseka mpaka mimba kugwedezeka. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Loweruka linafika. Mudzi wonse unasonkhana pabwalo la a Nungu, msika wonse unabweranso. Nkhoswe ya Sakhwi inali amalume ake, a Nadzikambe. Ananyamuka Lachitatu, koma anali akadali m'njira. Choncho Sakhwi anapempha kuti adzilankhulire yekha. Anabwera ndi mitolo iwiri, namasula woyamba.

A Nungu atangoona chitenje chofiira chija, minga yonse inaima, waaa!

"Nsalu iyi ndikuidziwa! Yomweyi ndinaiponyera m'mbuyo mwa mnzako! Wabwera kudzanditonza pakhomo panga?"

Nachisale anaweramitsa mutu ndi mantha. Sakhwi nayenso mantha anamugwira, koma anagwada, naomba m'manja.

"Azakhali, pepani, dekhani pang'ono. Mtolo uwu si wa Nachisale ayi. Kodi mwambo wathu suti zabwino zimayambira kwa mlendo wolemekezeka? Izi ndi zimene a Nguluwe anatama pamaso pa msika wonse. Ife ana osauka sitingaziyerekeze. Ndawagulira iwo okha. Ife tonse tingovutika ndi zimene ananyoza."

A Nungu anayang'ana Sakhwi. Anayang'ana a Nguluwe. Minga inayamba kugona pang'onopang'ono.

"Mwana walankhula mwaulemu," anatero. "Avekeni alendo."

Amayi anaimirira ndi nthungululu, nawakulunga a Nguluwe chitenje chofiira kuyambira m'khosi mpaka kumchira. Anawakhazika pa mpando wopakapaka, pakati pa bwalo, padzuwa, kuti aliyense awaone. Mpando unati tswee. Anawaikira patsogolo mbale yaikulu ya chinangwa cha a Nyani.

Tsono inu mukudziwa, mlendo sakana chakudya pamaso pa eni khomo. Nanga akanati n'choipa, si iwo omwe anachitama? A Nguluwe analuma. Chinangwacho chinali chowawa ngati ndulu. Diso limodzi linatsinzina lokha, khutu limodzi linagwa.

"Chakoma, a Nguluwe?" anafunsa a Nungu.

"Cha... chakoma."

"Mwamva? Chakoma. Awonjezereni!"

Anawonjezera. A Khwangwala anaima pafupi ndi khutu lawo, nayamba kuimba, khwaa, khwaa, khwaa! Makanda analira, masamba anayoyoka.

"Nyimbo yakoma, a Nguluwe?"

"Ya... yakoma."

"Mwamva? Yakoma. Kwezani mawu, a Khwangwala!"

Pamenepo Sakhwi anamasula mtolo wachiwiri pamthunzi. "Pepani abale," anatero, "zonyozeka zathu ndi izi." Mbatata zowotcha za mayi Mfuko anazimenya pakati, nthunzi fuu! Thobwa linayamba kuyenda m'zipanda. A Nkhululu anakoka kaligo wawo chapansipansi. Fungo linawoloka bwalo, linakalowa m'mphuno mwa a Nguluwe.

Dovu tho, tho, tho. Kamchira pikupiku. Thukuta kamukamu, ndipo chitenje chinayamba kusuluka, utoto wofiira ukutsetsereka m'mimba mpaka m'ziboda.

"Iwe Sakhwi," ananong'oneza, "ndipatseko kambatata kamodzi."

"Iyayi achikulire! Zamadzi zimenezi? Tingakuchititseni manyazi. Idyani chinangwa."

"Kathobwa pang'ono pokha."

"Zotsukira m'mbale? Pakhomo pa apongozi anga? Sizingatheke. Awonjezereni chinangwa!"

A Nguluwe anapirira. Anapirira. Ataona kuti mbatata yomaliza ikunyamulidwa, anaiwala zonse, nafuula mpaka mbalame kubalalika mumtengo.

"Siyani imeneyo! Mbatata ya mayi Mfuko ndiyo yokoma pamsika wonse! Thobwa lawo palibe lofanana nalo! Chotsani chinangwa cha mfitichi, chikundipha! Ndipo wina amutseke pakamwa Khwangwalayu!"

Bwalo lonse linatembenukira kwa a Nguluwe.

Anati adzuke, koma mpando uja unali wodyedwa ndi chiswe, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Unangoti phwatha! A Nguluwe chagada, miyendo m'mwamba, chitenje ng'aa! Kuseka kunaphulika. A Nyani anali atazemba kale, mchira wokha ukuoneka kuseri kwa nkhokwe.

"Achikulire," anatero Sakhwi, "lero ndiye mwalangiza bwino. Chimene mwatama, tigula."

A Nguluwe anadzambatuka, liwiro la kutchire, osatsanzika. Utoto uja sunachoke. Mukadzaona nguluwe, mudzaone ubweya wake, mpaka lero ndi wofiirira. Ndipo siyenda poyera, imaopa kufunsidwa ngati chakoma.

A Nungu anapukuta misozi ya kuseka, nakhala pansi, nati, "Kuseka taseka, koma mtolo sindinauone." Anatenga chitenje cha a Kangaude, nanyowetsa pangodya, natikita. Chala choyera. Anachikoka uku ndi uku, osang'ambika. Anagogoda mtondo, ngo, ngo. Anatenga munsi, nasinja kamodzi ndi mphamvu zawo zonse, mtondo uli nji. 

"Nachisale," anatero a Nungu, "dzuka, dzavale. Uyu pogula udzu wofolera nyumba, adzayamba waununkhiza. Ndamulandira."

Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Nachisale anamanga chitenje chake m'chiuno, nayandikira Sakhwi, namunong'oneza kuti, "Mmene munamasula chofiira chija, ndinangotsala pang'ono kukomoka. Musadzandichitenso zimenezo." Koma ankamwetulira. A Nkhululu anakweza kaligo, onse anavina fumbi koboo. Pakati pa gule, amalume a Nadzikambe anatulukira, phazi limodzi lili m'mwamba, nafunsa kuti, "Kodi tayamba?"

Tsiku la msika lotsatira, mbatata za mayi Mfuko zinatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo anabwerera kwawo akuimba.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene ali pafupi ndi moto aphule mbatata. Koma akatiuza kuti yapsa bwino, ayambe waluma yekha, ife tikumuyang'ana kumaso.